WOKUMBA DZENJE AKAPITA, ADZALIPIRA NDANI?

Mau kwa aphunzitsi a Sande Sukulu. Muyambe mwawerenga Eksodo 21:33-34, 2 Mafumu 20 ndi Mateyu 6:25-34.

Pakati pa malamulo amene Mulungu anapatsa Aisrayeli pa phiri la Sinai pali limodzi laling'ono limene sitilimva kawirikawiri pa guwa. Likamba za munthu amene wakumba dzenje, kapena wavundukula dzenje lakale, nalisiya kukamwa. Ng'ombe kapena bulu wa mnzake akagwamo, mlandu uli pa mwini dzenje. Ayenera kulipira mwini chiweto, ndipo nyama yakufayo ikhala yake.

Ana athu kuno kwa Lukwa sadzavutika kulimva lamulo limeneli. Maenje awadziwa: dzenje loumbira njerwa za balani, chitsime cha kudimba, chimbudzi chakale chimene udzu unamera pamwamba pake. Adziwanso kuti mbuzi ya munthu ikathyoka mwendo m'dzenje lotere, nkhani ipita kwa amfumu, ndipo amfumu afunsa kuti anakumba ndani. Taonani kuti lamuloli silinena kuti kukumba ndi tchimo. M'dziko louma la Aisrayeli munthu sakanakhala ndi moyo popanda maenje osungiramo madzi. Silifunsanso ngati wokumbayo anali ndi mtima woipa pa mnzake. Mwina ng'ombeyo sanaionepo n'komwe. Lamulo lifunsa zinthu ziwiri basi: anatsegula ndani, ndipo kodi anavundikira?

Mlandu wotere uweruzika msanga pamene wokumba ali moyo, dzina lake tilidziwa, ndipo nyumba yake tingathe kuiloza ndi chala. Koma taganizani za dzenje limene likhala loopsa wokumbayo atafa, ana ake atafa, mudzi wake utasanduka bwinja, ngakhale chinenero chake chitaiwalika. Ng'ombe ikagwamo nthawi imeneyo, mwini wake akadandaula kwa yani? Limeneli ndilo funso la phunziro lathu, ndipo si nthano, pakuti dzenje lotere tiri nalo m'Malawi muno.

DZENJE LA KU KAYELEKERA

Ku Karonga, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa boma, kuli malo otchedwa Kayelekera. M'nthaka ya kumeneko muli mwala wa yureniyamu. Anthu a ku Britain anaufufuza m'zaka za m'ma 1980 koma sanaukumbe. M'chaka cha 2007 kampani ya ku Australia yotchedwa Paladin inachita pangano ndi boma lathu, ndipo mu April 2009 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mgodi. Yureniyamu ndiye nkhuni za malo opangira magetsi a nyukiliya m'maiko a kutali. Ife tiribe malo otere ngakhale amodzi; magetsi athu ambiri achokera ku mtsinje wa Shire. Chotuluka ku Kayelekera chinkapita pa magalimoto kudzera ku Zambia kufikira ku doko la Walvis Bay ku Namibia, ndi kuoloka nyanja.

Zonyansa za nyukiliya ziri za mitundu iwiri. Pali zotsala m'ng'anjo za magetsi, ndipo zimenezo zisautsa maiko amene awotcha yureniyamu. Palinso zotsala pa mgodi, ndipo zimenezo ndizo zathu. Ntchito yake iyenda chotere: akumba mwala, naupera kufikira ukhala ngati ufa, nauviika mu asidi kuti yureniyamu asungunuke, namuumitsa. Pa tani imodzi ya mwala wa ku Kayelekera, ndiye kuti kulemera kwa matumba 20 a chimanga, chogulitsa chituluka pafupifupi kilogalamu imodzi. Zina zonse ndi matope, ndipo matopewo awathira m'damu lalikulu pafupi ndi mgodi. Kuyambira 2009 kufikira 2014 mgodi unatulutsa pafupifupi matani 5,000 a chogulitsa. Muwerengere nokha kuchuluka kwa matope.

Tsono chodabwitsa ndi ichi. Munthu angayese kuti yureniyamu akachoka, choopsa chapita naye. Sizitero ai. Mwala umenewu utulutsa cheza chosaoneka ndi maso, chosanunkha, chimene chikalowa m'thupi kwa nthawi yaitali chingathe kuyambitsa khansa. Chezacho sichichokera kwa yureniyamu yekha. Iye posweka pang'onopang'ono abala zinthu zina, zimenezo zibalanso zina, monga mbumba. Akampani atenga kholo, mbumba isiyidwa m'matope, ndipo pa magawo 100 a cheza cha mwalawo, pafupifupi 85 atsala pomwepo. Mmodzi wa mbumbayo ndi radium, amene mphamvu yake ichepa ndi theka pakapita zaka 1,600. Wina ndi thorium, wobala radium uja, amene kuti mphamvu yake ichepe ndi theka pafunika zaka 75,000. Radium atulutsa mpweya wotchedwa radon umene uononga mapapo.

Muike zaka zimenezi pambali pa zaka zimene tizidziwa. Amishoni anafika pa Mvera mu 1889. Dziko lathu linalandira ufulu mu 1964. Kuchokera kwa Abrahamu kufika kwa ife papita zaka ngati 4,000. Zonsezi ndi kam'mawa chabe poyerekeza ndi 75,000.

Ndisakuopsezeni koposa muyeso. Matope amenewa si bomba, ndipo munthu woima pafupi nao sagwa pomwepo. Kuipa kwao kudza mwakachetechete: fumbi louluka ndi mphepo ya chilimwe, madzi olowa pansi ndi kufika ku zitsime, mchenga umene munthu wosadziwa angatape kukamangira nyumba. Akakwiriridwa bwino ndi dothi la makande ndi miyala, ndi kutetezedwa ku madzi osefukira, choopsa chichepa kwambiri. Motero nkhani yonse ibwerera ku mau a m'Eksodo aja, ndiyo ya chovundikira. Chovundikira chifuna munthu wochiyang'anira, wochikonza mvula ikachiguga, ndipo munthuyo afuna malipiro.

Taonani zimene zachitika m'zaka zochepa zoyamba. Mu December 2009, mgodi usanathe chaka, zivomezi zinagwedeza Karonga ndi kugwetsa nyumba zambiri. Mu March 2011 malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, anaonongeka ndi chivomezi ndi madzi a m'nyanja, ndipo mtengo wa yureniyamu unagwa pa dziko lonse. Mu 2014 Paladin inaimitsa ntchito, antchito ambiri nabwerera kwao. Mu January 2015 mvula yamkuntho inang'amba thanki ina ya pa mgodi. Kampani inati madziwo sanafike kumtsinje, koma anthu a m'midzi yozungulira anachita mantha, pakuti mtsinje wa Sere umene uli pafupi uthira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru athira m'Nyanja ya Malawi. Mu 2020 Paladin inagulitsa mgodi kwa kampani ina ya ku Australia, Lotus, ndipo mu 2025 ntchito inayambanso. Ndiye kuti m'zaka 16 zokha dzenje lasintha mwini kamodzi, ndipo lakhala chigonere zaka 11. Sindinena kuti makampaniwa ndi oipa kuposa anthu ena. Ndingoti kampani ndi chinthu chosakhalitsa. Igulitsidwa, isintha dzina, ithetsedwa pa pepala, matope ali pomwepo.

NANGA BOMA LIKUTI BWANJI?

Boma silinakhale chete. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la mphamvu za atomiki, limene linabala bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zinthu zonse zotulutsa cheza. Ndi chinthu chabwino, ngakhale tiyenera kuona kuti lamulolo linadza mgodi utagwira kale ntchito zaka ziwiri. Tinayamba kukumba, malamulo a chovundikira nadza pambuyo. Ndiponso kampani inalamulidwa kuika chikole cha madola 10 miliyoni, kuti ikadzachoka osakonza malowo boma lidzakhale ndi pogwira.

Kodi chikole chimenechi n'chokwanira? Tiyang'ane kwa amene anayamba kale. Ku Germany ya kum'mawa anakumba yureniyamu kufikira 1990. Kuyambira 1991 boma la dzikolo lalipira ndalama zoposa ma euro 6 biliyoni kukonza malowo, ndipo ntchito siinathe. Zoona, migodi yao inali yaikulu kuposa wathu kwambiri. Koma phunziro lake ndi lakuti ndalama zokonzera zinachokera m'thumba la anthu okhoma msonkho, ambiri a iwo osadyako phindu la mgodi. Ku South Africa, kumene makolo ambiri a kuno ku Kasungu anapita pa Wenela, ndi kumene Dr Kamuzu Banda yemwe anagwirako ntchito pa mgodi ali mnyamata, golide anayamba kukumbidwa mu 1886. Milu ya mchenga yozungulira Johannesburg iri ndi yureniyamu m'kati mwake, makampani ambiri amene anaiunjika kulibenso, ndipo osauka ndiwo amanga zisakasa m'mphepete mwake.

Pali china chimene chindivuta ine. Pa pangano la 2007 boma linalandira magawo 15 pa 100 a mgodi, ndipo linatsitsa msonkho wa pa mwala wogulitsidwa kuchoka pa 5 pa 100 kufika pa 1.5 zaka zitatu zoyamba, pambuyo pake 3. Bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko linataya madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha kuchotseredwa kwa misonkho ndi njira zina zoipewera. Ndalama zimenezo ziposa chikole chija kanai. Ndiponso boma lokhala ndi gawo mu mgodi liri ngati mfumu yoweruza mlandu wa munda umene iyo yomwe idyako. Ingathe kuweruza molungama, koma ifunika anthu oipenyetsetsa. Mu 2007 mabungwe ena, pamodzi ndi a Church and Society a Sinodi ya Livingstonia, anapita kukhoti kufunsa za chitetezo cha anthu ndi madzi, ndipo nkhaniyo inathera pa kukambirana kunja kwa khoti. Abale athu aja sanalowerere za eni. Anachita ntchito ya mlonda.

Wina adzati, Karonga ndi kutali, ife tilima fodya. Koma ku Kanyika, m'dera la Inkosi Mabulabo ku Mzimba, makilomita ngati 55 kuchokera pa boma la Kasungu, kuli mwala wa niobium, ndipo m'mwala umenewo muli yureniyamu pang'ono. Kampani ya Globe Metals and Mining inalandira chilolezo chokumba mu 2021. Kale mu 2012 mabanja oposa 200 a kumeneko anauzidwa kuti adzasamutsidwa, ndipo anakhala zaka ali m'malere, osadziwa ngati amange kapena abzale mitengo, kufikira anapita kukhoti mu 2017. Ana amene muwaphunzitsa lero, ena adzakafuna ntchito kumeneko, ena adzakwatiwa kumeneko.

Ndiponso ife a Kasungu sitifunika kuphunzitsidwa ndi alendo za kudya lero ndi kusiyira ana ngongole. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anafalikira m'chigwa chino. Fodya wa fuluu afuna nkhuni usana ndi usiku, wa bale afuna mitengo ya zigafa. Misuku, mombo ndi tsamba zinapita m'mabalani. Ndalama zinalowa ndithu: malata anakhomedwa, ana anaphunzira, ngakhale nyumba zina za Mulungu zinamangidwa ndi chopereka cha fodya. Koma funsani amai a Chigwirizano kutalika kwa ulendo wa kunkhuni lero. Odula ambiri anagona kale, otola mapesi ndi zitsononkho kuti aphikire ndiwo adzukulu ao. Komabe mtengo uli ndi chifundo: ukaubzala, kapena ukangoleka chitsa chiphuke, mwana wako adzakhala pa mthunzi. Matope a yureniyamu alibe chifundo chotere.

MAU OTSUTSA AMENE MUDZAWAMVA

Musayese kuti onse okonda mgodi ndi adyera. Munthu angathe kunena moona mtima kuti: dziko lathu ndi losauka, zipatala ziribe mankhwala, anyamata athawira ku Joni kusowa ntchito. Mwana wanjala ali pamaso panga lero. Munthu wa zaka 10,000 zikudzazo sindimdziwa, ndipo kaya adzakhalako. Kodi ndimane wamoyo chifukwa cha wosabadwa? Mau amenewa ndi olemera, ndipo mphunzitsi asawapeputse. Chuma cha m'nthaka anachiika ndi Mulungu. Cheza chomwecho ndicho madokotala aunikira nacho mafupa othyoka ndi kutenthera khansa. Magetsi a nyukiliya satulutsa utsi wonga wa malasha umene ukusokoneza nyengo ndi mvula yathu. Ine sindipeza m'Buku Lopatulika lamulo loletsa kukumba.

Koma taonani pamene mau aja apotoka. Ayesa kuti njira ziripo ziwiri zokha, kukumba kapena kufa ndi njala. Lamulo la m'Eksodo lionetsa yachitatu, ndiyo kukumba ndi kuvundikira, ndi kuwerengera mtengo wa chovundikira m'kati mwa mtengo wa dzenje. Mlimi amene awerenga ndalama za ku okushoni ku Chinkhoma osachotsapo ngongole ya feteleza ndi malipiro a matenanti sanapindule, wangodzinyenga, ndipo wina adzalira chifukwa cha iye. Ngati mgodi upindula pokhapokha mtengo wa kukonza ukankhidwira kwa anthu a m'tsogolo, phindulo si lathu, tawabera iwo. Ambuye Yesu anafanizira kumtsata Iye ndi munthu womanga nsanja amene ayamba wakhala pansi kuwerenga mtengo wake (Luka 14:28-30). Akulu athu anati walira mvula walira matope. Matope tiwalandira, koma tisalire mvula ife, matope n'kuponda ena.

Ena adzati, anthu a m'tsogolo adzakhala anzeru ndi olemera kuposa ife, adzapeza njira. Kapena adzatero. Koma palibe kholo limene lisiya nkhwangwa yakuthwa pa mphasa ya khanda poyembekeza kuti khandalo lidzakula ndi nzeru. Ndiponso mbiri ya anthu siikwera phiri nthawi zonse. Maufumu agwa, nkhondo zibwera, mabuku apsa.

Mau achitatu ndiwo mudzawamva mumpingo, ndipo ndi oopsa chifukwa avala malaya a chikhulupiriro. Wina adzati, kodi Ambuye sanatiletse kudera nkhawa za mawa? Ndiponso Yesu akubwera posachedwa, zaka 75,000 n'za chiani? Muwerenge bwino Mateyu 6. Ambuye aletsa mtima wosakhulupira Atate pa za chakudya changa ndi chobvala changa. Salola munthu kutchera mnzake msampha wa mawa ndi kunena kuti Mulungu adzaona. Kunena za kubwera kwake, tsiku lake silinaululidwe kwa ife. Akristu a ku Tesalonika ena analeka ntchito, ndipo Paulo anawadzudzula (2 Atesalonika 3). Papita zaka pafupifupi 2,000 chilembere kalata imeneyo. Akadakhala kuti iwo anathira poizoni m'zitsime poti dziko likutha, mibadwo ingati ikadamwa?

MFUMU YABWINO IMENE INAYANKHA MOIPA

Tsono titsegule 2 Mafumu 20, pakuti m'menemo muli kalirole wathu. Hezekiya anali mwa mafumu okoma a Yuda. Anachotsa mafano, nakhulupirira Yehova pamene Asuri anazinga Yerusalemu. Tsiku lina anadwala, ndipo mneneri Yesaya anamuuza kuti akonze za banja lake pakuti adzafa. Hezekiya anatembenukira kukhoma, napemphera, nalira kwambiri. Mulungu anamva, namuonjezera zaka 15.

Pambuyo pake kunadza alendo ochokera ku Babulo ndi kalata ndi mphatso. Hezekiya anakondwera, nawaonetsa chuma chonse cha m'nyumba yake, siliva, golide, zida, osabisa kanthu. Yesaya anabweranso ndi uthenga wowawa: chuma chonsecho chidzatengedwa kunka ku Babulo, ndipo ena mwa ana obadwa mwa iye adzakhala adindo ofulidwa m'nyumba ya mfumu ya kumeneko. Apa ndipo muimitse ana ndi kuwafunsa kuti, kodi mfumu inachita chiani? Ambiri adzayankha kuti inalira ndi kupemphera monga poyamba. Werengani nao ndime 19. Sanalire. Anavomera uthengawo kuti ndi wabwino, ndipo chomtonthoza chinali chakuti tsokalo silidzagwa iye akali moyo.

Alipo omasulira amene aona kudzichepetsa m'yankho limeneli, kuti mfumu inagonjera chiweruzo cha Mulungu. Mwina mbali ina ndi choncho. Koma ine ndikaika pamodzi mbali ziwiri za mutu umodzimodziwo, ndiona munthu amene anali ndi misozi ya imfa yake koma analibe misozi ya ukapolo wa adzukulu ake. Anadziwa kuti pemphero lingathe kubweza chiweruzo, pakuti anali ataziona pa thupi lake. Chifukwa ninji sanatembenukirenso kukhoma? Patapita zaka zoposa 100 Yerusalemu anapasulidwa, ndipo olipira anali anthu amene sanaone alendo aja kapena mphatso zao.

Tchimo la Hezekiya ndi losavuta kulichita chifukwa silioneka ngati tchimo. Supha munthu, suba kanthu kooneka. Ungosaina pangano, nulandira alendo, nuwerengera kuti pofika nthawi ya mavuto iwe udzakhala utapuma ntchito kapena uli m'manda. Nduna ikhala pa mpando zaka zisanu, mkulu wa kampani mwina khumi, ife ovota tifuna feteleza wotsika mtengo chaka chino. Aliyense ali ndi masiku ake a mtendere, ndipo wosabadwa alibe voti, alibe loya, sangathe kuyenda pa mseu ndi chikwangwani. Ngati mnansi wanga ndi yense amene zochita zanga zimkhudza, monga fanizo la Msamariya litiphunzitsa, ndiye kuti mwana amene adzatunga madzi mu Sere zaka 500 zikudzazo ndi mnansi wanga. Kutalika kwa zaka sikusiyana ndi kutalika kwa mtunda.

Koma musamtaye Hezekiya. Ndime 20 ikumbutsa kuti anakumba thamanda ndi ngalande yolowetsa madzi mumzinda. Ngalande imeneyo, yoboola thanthwe mamita oposa 500, ikalipo ku Yerusalemu, ndipo madzi akuyendamo patapita zaka 2,700. Munthu mmodzi yemweyo anasiyira a m'tsogolo madzi ndi ukapolo.

KUVUNDIKIRA NDIKO KUTANI?

Maiko ena ayesa, ena alephera. Ku America boma linalonjeza mwa lamulo la 1982 kuti pofika 1998 lidzayamba kutenga zotsala za m'ng'anjo za magetsi. Mu 1987 linasankha phiri la Yucca kuti likakwirire m'menemo, koma anthu a dera limenelo anakana, ntchito inaima, ndipo boma lalipira makampani mabiliyoni a madola chifukwa cha kuswa lonjezo. Dziko lolemera chotere lasowa potaya. Ku Finland anayenda njira ina. Kuyambira 1988 makampani a magetsi akakamizidwa kuika ndalama m'thumba losungidwa ndi boma, kuti wogwiritsa magetsi lero alipiriretu za kutaya. Mu 2004 anayamba kukumba malo otchedwa Onkalo, m'thanthwe, mamita oposa 400 pansi pa nthaka, oti asunge zonyansazo m'mitsuko ya mkuwa yokutidwa ndi dongo kwa zaka 100,000. Ngati adzakhoza, palibe wa ife adzaone. Koma anayamba ndi kuvomera kuti ngongole ndi yao.

Kwa ife, ndiganiza kuti Mkristu ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa phungu wake mwaulemu zinthu zoonekeratu. Ndalama zokonzera mgodi ziri kuti, ndi zingati, ndipo kodi zikula pamene damu la matope likula? Kodi ziri pamalo poti kampani ikagwa kapena boma likasowa ndalama za chisankho palibe angazikhudze? Ndani ayesa madzi a m'mitsinje, ndipo kodi zotsatira zake ziwerengedwa kwa anthu a m'midzi m'chinenero chao? Kufunsa kotere si kunyoza olamulira. Aroma 13 atcha wolamulira mtumiki wa Mulungu wochitira anthu zabwino, ndipo mtumiki afunsidwa za ukapitao wake.

Chinthu china ndalama sizingathe kugula, ndicho chikumbukiro. Akatswiri a maiko aja avutika ndi funso lakuti, tidzawauza bwanji anthu a zaka 10,000 zikudzazo kuti pano musakumbe? Chikwangwani chichita dzimbiri, chinenero chisintha. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli zithunzi zofiira pa miyala zimene Akafula anajambula kalekale. Tiziona ndi maso, koma zambiri sitidziwa chimene zinena. Ngati china mwa izo chinali chenjezo, latipita. Chenjezo likhala ndi moyo pokhapokha mkulu auza mwana, mwanayo nadzauza wake, monga Salmo 78 linena za kusabisira ana ntchito za Yehova. Ntchito imeneyi inu muidziwa kuposa akatswiri, pakuti ndiyo muichita Sabata ndi Sabata pansi pa mtengo wa mango, opanda malipiro.

POPHUNZITSA

Ana aang'ono musawasenzetse zaka 75,000 kapena kuwaopseza ndi khansa. Kwa iwo nkhani ya dzenje ndi ng'ombe ikwanira, pamodzi ndi zinthu zimene manja ao angathe kuchita. Afunseni kumene kwao ataya mabotolo a mankhwala opopera fodya, mabatire akutha a tochi ndi a sola, magalasi osweka. Mudzamva kuti ena atungira madzi kapena kusungira mchere m'zigubu za mankhwala. Pamenepo mwapeza phunziro, ndipo mwina mwapezanso nkhani yokakamba ndi akulu a mpingo.

A kalasi lalikulu muwawerengetse 2 Mafumu 20 yense, ndipo muwalole atsutsane ngati Hezekiya anayankha bwino. Musawatsekere pakamwa amene amuikira kumbuyo. Muwauze za Kayelekera ndi Kanyika monga ziliri, zabwino ndi zoopsa zomwe, osatchula chipani, pakuti maboma a zipani zosiyana agwirapo nkhani imeneyi.

Mukonzekere funso limodzi limene mwana wochenjera adzafunsa. Adzati, aphunzitsi, ngati Mulungu ali wolungama, alola bwanji kuti mwana avutike chifukwa cha dzenje la agogo ake? Pali kusiyana pakati pa kusenza mlandu wa kholo pamaso pa Mulungu ndi kusenza zotsatira za ntchito ya kholo pansi pano, koma kusiyana kumeneku mwana sakumva ndi mau amodzi, ndipo ngakhale akulu kuwalemera. Musafulumire kumyankha. Mtumeni akawerenge Ezekieli 18 ndi Maliro 5:7 kunyumba pamodzi ndi makolo ake, ndipo Sabata lotsatira mudzayambire pamenepo.